Che Jafali Ankasiya Nsalu M'kati

Sabata yatha tinakadya mpunga wa sadaka ya malemu Che Jafali, ndipo m'mawa mwake ndinangozindikira ndikupereka moni kukhonde lopanda munthu. Pakamwa panazolowera. Kwa zaka zambiri, ndisanayale tomato pabenchi langa, ndinkayamba ndacheukira kumanzere n'kufunsa kuti adzuka bwanji, iwo n'kuyankha mapini ali kukamwa, mawu osamveka bwino, dzanja lili kale pagudumu la makina. Ndiye ndati ndilembeko zimene ndikukumbukira, chifukwa kuno ku Kawale timaiwala msanga, makamaka munthu amene sanasiye nyumba ya mpanda.

Che Jafali anali telala. Anachokera ku Mangochi ali mnyamata, nasoka zaka zingapo pakhonde la sitolo ina kutauni, mpaka anagula makina awoawo opalasa ndi mapazi. Malo anawapeza pakhonde la golosale ya Mayi Nankhoma, amenenso ndi alandilodi anga, ndipo anakalambira pomwepo. Telala wa kuno khonde ndiye munda wake. Pakhonde mpamene anthu amamupeza, mpamene makina amabisala mvula ndi fumbi, ndipo kuseri kwa chitseko cha golosale n'kumene amayi amayesera madiresi. Pakhonde limenelo anadzachotsedwapo kamodzi chifukwa cha nkhani ya voti, ndipo ine wogulitsa tomato pambali pake ndinaonera zonse kuyambira pachiyambi.

Anali munthu wamfupi, wa mzuli woyera wosagwira litsiro, magalasi omangidwa ndi ulusi wakuda mbali imodzi. Tepi sinkachoka m'khosi. Lachisanu masana ankavundikira makina n'kupita kumzikiti, ngakhale mkwati atakhala pabenchi akulira kuti ukwati ndi mawa. Tiyi ankamwa wa shuga wambiri moti supuni inkatsala pang'ono kuima yokha, ndipo akazi awo, Abiti Saidi, analimbana nawo za shugayo mpaka anatopa.

Sindikunena kuti anali mngelo. Anali telala, ndipo mawu oti bwerani mawa ankawadziwa bwino. Kusiyana kwake kunali kwakuti ukawayang'ana m'maso n'kufunsa kuti mawa limeneli ndi lenileni kapena la telala, ankaseka n'kuvomera kuti ndi la telala, ubwere Lachinayi. Ankati bodza amalidziwa chifukwa ndi la pantchito pawo, ndiye wandale asayerekeze kuwaphunzitsa ntchito. Ankatinso munthu wonama umamuzindikira poti savomera kuti pali chimene sangathe.

Chimene ankakanganirana ndi amayi ambiri, ine ndemwe, chinali chizolowezi chawo chosiya nsalu m'kati. Akamadula diresi kapena jekete, m'misoko ya m'mbali ankasiyamo nsalu yokwana zala ziwiri, n'kuipinda bwinobwino kuti isaoneke kunja. Matelala achinyamata amadula ndendende, zotsala n'kukubwezera. Ife tinkadandaula kuti akutiwonongera nsalu, yobisikayo bwenzi titapangira duku. Iwo ankayankha kuti munthu amene wamuyeza lero si amene adzavale chovalacho chaka chamawa. Amanenepa, amawonda, amatenga pakati, amadwala n'kuchira, ndipo ukadula ndendende ndiye kuti tsiku limene wasintha, chovalacho chatha ntchito. Tinkangoti ndi makani a ukalamba, n'kumawapatsabe nsalu zathu.

Nyengo ya kampeni ndiye inali yokolola. Nsalu za zipani zinkabwera mitolomitolo, zabuluu, zachikasu, zofiira, zobiriwira, ndipo iwo ankasoka zonse mofanana, osafunsa kuti mwini wake amavinira kuti. Koma kuvala ayi. Tisheti yaulere ankaibweza mwaulemu, ati mupatse amene alibe malaya. Amayi olandira nsalu sankawadzudzula. Ankati nsalu landirani ndikusokereni, kuzizira sikudziwa chipani, koma muzikumbukira kuti m'kachipinda kovotera mumalowa nokha, wokupatsani nsaluyo amatsala panja. Zidutswa zotsala ankaziunjika m'thumba, ndipo anadzasoka nazo chinsalu chachikulu chotchingira dzuwa la masana pakhondepo. Chinsalu chimenecho chinali choseketsa. Apa khutu la mtsogoleri wina, apo diso la mdani wake, pakati chibwano cha munthu amene chipani chake chinatha kalekale. Ana a sukulu ankaima n'kumalozerana. Mayi Nankhoma ankachitcha nsalu ya amisala.

Ngakhale anzawo a kumzikiti ndi a kwawo kunyanja ankawaona ngati munthu wovuta. Chaka china kunaima munthu wa kwawo komweko, wa chipembedzo chawo, ndipo akuluakulu anabwera pakhonde kudzawakumbutsa kuti uyu ndi wathu. Che Jafali anawalandira bwino, nawagulira fanta, kenako n'kuwauza kuti munthuyo akafuna kutsogolera mapemphero adzaima kumbuyo kwake ndi mtima wonse, koma ngalande ya kumsika siifunsa kuti woitsegulayo amapemphera tsiku liti. Akuluakulu aja anachoka akupukusa mitu, ndipo sabata yotsatira anabweretsa mikanjo yawo kuti awapindire.

Mayi Nankhoma nawo muyenera kuwadziwa. Ndi mayi wa mtima wabwino, wa mawu omveka mpaka kumsika, ndipo nthawi imeneyo anali tcheya wa amayi a chipani chawo m'dera lathu. Chipani kwa iwo chinali ngati mpingo. Uthenga wawo unali umodzi, woti votani suti, kutanthauza pulezidenti, phungu ndi khansala onse a chipani chimodzi. Che Jafali ankawayankha osadzutsa mutu pamakina kuti pa utelala wawo aona masuti ambiri amene jekete imakwana koma buluku likusesa msewu, ndiye iwo aliyense amamuyeza payekha. Voti ankaiyerekeza ndi mswachi, ati subwerekana ngakhale ndi mkazi wako. Awiriwa anakangana choncho zaka ndi zaka, Mayi Nankhoma akuwatumizira tiyi, Che Jafali akuwapindira makatani, ndipo palibe anaganiza kuti makani amenewo angadzafike pochotsana pakhonde.

Anabweretsa zonsezi ndi a Kamtedza. Amenewa anali ogulitsa matabwa kumsika, munthu wochezeka, wowonda, wodziwa dzina la mwana aliyense. Chipani cha Mayi Nankhoma chinawaimika pa ukhansala, ndipo jekete yotuwa imene anachitira kampeni anawasokera ndi Che Jafali. Kumunsi kwathu kuli kamtsinje kamene chilimwe umakadumpha osanyowa, koma dzinja kamasanduka chilombo, ndipo ana a kutsidya amawoloka pomwepo popita kusukulu. A Kamtedza analonjeza mlatho wa simenti, woti ndi galimoto zomwe zizidutsa, chaka chawo choyamba chisanathe. Tinawaombera m'manja, tinawavotera, anapambana.

Chaka chisanathe, chimene tinaona n'chakuti asamukira ku Area 25, m'nyumba ya mpanda ndi galu. Foni yawo inayamba kumangoitana. Mlatho sitinauone. Dzinja lina kamwana ka sitandade 2 kanaterereka pamwala wowolokera n'kukokoloka, kanapulumuka chifukwa cha okumba mchenga amene anali kumunsi, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzina la Kamtedza linkatchulidwa munthu akafuna kutukwana. Zaka zawo zitatha, chipani chinawataya pa mapulaimale. Kumeneko anthu amaima pamzere kumbuyo kwa munthu amene akumufuna, ndipo a Kamtedza atacheuka anapeza akazi awo, alamu awo, ndi bambo wina woledzera amene ankayesa ndi mzere wolandirira nsalu. Chipani chinatenga mnyamata wina wolankhula bwino. A Kamtedza analengeza kuti aima paokha, ndipo dera lonse linaseka.

Tsiku limene anabwera pakhonde ndimalikumbukira chifukwa ndinasiya kasitomala ataima ndi tomato m'manja. Anafika wapansi, chakum'mawa, atanyamula jumbo yakuda. Anali atanenepa, koma nkhope inali ya munthu wosapeza tulo. Anapereka moni, natulutsa jekete yotuwa ija.

"Che Jafali, iyi siikumanganso mabatani. Mungaikonze?"

Che Jafali anaitembenuza n'kuiyang'ana m'kati. "Masuti a kutauni aja ali kuti, bwana khansala?"

"Alipo. Koma ndikufuna ndibwerere mu iyi."

"Imani apa. Kwezani manja."

Anawazunguliza tepi pamimba, pachifuwa, m'mapewa, osafulumira, ngati kuti munthu akumuyezayo si amene dera lonse likumutukwana. Kenako anafunsa, maso ali pa tepi.

"Mlatho uja munkadziwa kuti simungamange?"

A Kamtedza anali chiimire, manja ali m'mwamba. Funso sungalithawe telala atakukulunga tepi.

"Ndinkadziwa," anatero pomaliza. "Khansala alibe mphamvu yomanga mlatho ngati umenewo. Amakapempha, amakakakamira, basi. Kungoti ndinaona kuti ndikatchula mlatho anthu akuwomba m'manja, ndiye ndinkangoutchula."

"Nanga kusamuka kuja?"

"Manyazi, Che. Ndi mantha. M'mawa uliwonse pakhomo panali anthu, uyu za maliro, uyu za fizi, uyu za mlatho. Ndinalibe choyankha. Ndinathawa."

"Tsitsani manja."

Anatenga kalezala n'kumasula msoko wa m'mbali, ndipo nsalu imene anaibisa zaka zapitazo inatuluka, yoderako kuposa inzake poti sinaonepo dzuwa.

"Malo alipo," anatero Che Jafali. "Mubwere Lachitatu, lenileni. Koma zimene mwandiuzazi zilibe ntchito pakhonde pano. Ine ndi munthu mmodzi. Mukanenere pagulu, mayi a mwana uja akumva."

Apa n'kuti Mayi Nankhoma ataima pakhomo la golosale, manja ali m'chiuno. Anadikira kuti a Kamtedza akhote pakona.

"Che Jafali, pakhonde panga pano mwayamba kusokera adani?"

"Ndikusoka jekete, Amayi."

"Munthu ameneyu anandivula. Ndinayenda naye khomo ndi khomo, anthu anakhulupirira mawu anga. Lero amayi akandiona amandifunsa za mlatho ngati ndinaudya ndine."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikufuna akanene yekha kuti wonama anali ndani."

Mayi Nankhoma sanamve zimenezo. Masana omwewo anamanga mbendera ya chipani pansanamira ya khonde, n'kulamula kuti kuyambira lero kasitomala aliyense aziuzidwa za suti. Che Jafali anati nyumba ndi yanu, mbendera mangani, koma pakamwapa ndi panga.

Patapita masiku, atsogoleri a mipingo ndi a mzikiti anaitanitsa onse ofuna ukhansala pabwalo la sukulu kuti tiwafunse mafunso. Anthu ankafunsa zimene aliyense adzatichitire, ndipo malonjezo anagwa ngati matalala: msewu wa tala, magetsi a mumsewu, chipatala, ndi mlatho womwe uja. Kenako Che Jafali anakweza dzanja. Anaimirira, mzuli uli mbee, tepi ili m'khosi poti anaiwala kuivula.

"Ine funso langa ndi limodzi kwa nonse. Pa zimene anthu apempha lerozi, ndi chiti chimene simungathe?"

Woyamba anati ndi Mulungu zonse ndi zotheka. Mnyamata wa chipani cha Mayi Nankhoma anati iwo akalowa palibe chosatheka, amayi ovala nsalu n'kululutira. Wachitatu anati sanabwere kudzalankhula zolephera. Kenako anaimirira a Kamtedza, mu jekete yotuwa ya mizere yodera m'mbali monsemu.

"Mlatho wa simenti sindingamange. Sindikanatha kale lomwe, ndipo ndinkadziwa pamene ndinkalonjeza. Ndinanama. Nditaona kuti bodza landikulira ndinathawa. Mayi a mwana amene anakokoloka uja, ngati muli pano, ndinakulakwirani."

Ndikanakonda kunena kuti anthu anawomba m'manja. Anawakuwiza. Wina anaponya chitsononkho cha chimanga. Mayi a mwana uja analipo, anangoimirira n'kumapita osacheuka. Koma Che Jafali, amene anali asanakhale pansi, anadikira phokoso lichepe n'kunena mokweza kuti zikomo, mwa onsewa wayankha funso langa ndi mmodzi. Mawu amenewo ndi amene anawachotsetsa pakhonde. Dzuwa lisanalowe Mayi Nankhoma anawauza kuti mwandichititsa manyazi pamaso pa amayi anga, mawa makina anu ndisawaone pano.

Sanachonderere. Anatsitsa chinsalu chawo chija, nachipinda, nabwereka wilibala. Chimene Mayi Nankhoma sanamve, ine ndinachimva. Pamene Che Jafali ankamanga katundu, a Kamtedza anabwera kudzathokoza, akuyesa apeza wowachitira kampeni.

"Musandithokoze," anatero Che Jafali. "Kukhululuka ndakhululuka, koma voti ndi nkhani ina. Pakamwa tamva, tsopano tione miyendo. Bwererani kuno mudzanyowe nafe limodzi."

Ndinafuna kuthamangira m'golosale kukauza Mayi Nankhoma kuti munthu mukumuthamangitsayu sali kumbali ya Kamtedza, mwamumva molakwika. Che Jafali anandigwira dzanja n'kundiletsa. Anati akabwerera pakhonde chifukwa chakuti zamveka kuti sakuvotera Kamtedza, ndiye kuti khondelo aligula ndi voti yawo, ndipo sadzakhalapo mwamtendere. Ndinawaona ngati ouma mutu, ndipo ndinawauza choncho.

Anakakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi kiyosiki ya madzi. Inali nyengo yolowera kuzizira, ya mphepo ndi fumbi. M'mawa uliwonse munthu wamkulu ngati ameneyo ankakankha makina pa wilibala kukwera chitunda, madzulo n'kutsika nawo. Fumbi linkalowa m'makina, ulusi n'kumangoduka. Amayi analibe poyesera zovala, ndiye ambiri anapita kwa matelala ena. Ndinkawapeza akusoka zigamba za mayunifolomu ndi zipi za zikwama, munthu wodziwa kudula suti. Zinandiwawa kwambiri, ndipo kwa miyezi ingapo Mayi Nankhoma ndinkawapatsa moni wouma, wongoti tisadutsane ngati mbuzi. Koma Che Jafali sananenepo choipa cha iwo. Ukawayamba ankati mayi aja anapwetekedwa ndi bodza la munthu wina, ndipo wopwetekedwa amamenya amene ali pafupi.

Pa chisankhocho a Kamtedza anagwa chagada. Anapambana mnyamata wa chipani uja, amayi anavina mpaka fumbi koboo. Khonde linakhalabe lopanda munthu. Ofuna malowo analipo, koma Mayi Nankhoma aliyense ankamupezera chifukwa.

Mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana, mwana wamkazi wa Mayi Nankhoma anali ndi chinkhoswe, ndipo diresi lawo labwino, limene Che Jafali anawasokera kale, linakana kutsika m'chiuno. Ndinawaona akutuluka nalo m'manja, akuyenda ngati akungopita kukiyosiki. Ndinanyamula ndowa, ngakhale madzi ndinali nawo, n'kuwatsatira.

"Mwaswera bwanji, Che Jafali?"

"Ndaswera, Amayi, kaya inu."

"Diresi ili lingakule?"

"Ndinasiyamo malo."

Anamasula msoko, nsalu n'kutuluka. Mayi Nankhoma anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana kumwamba.

"Mvula ikubwerayi makina anu achita dzimbiri."

"Achitadi."

"Khonde lija likungokhala nkhuku."

"Nanga mbendera?"

"Mbendera ndaimanga padenga la nyumba yanga. Khonde ndi la makina."

Tsiku lomwelo wilibala inayenda ulendo wake womaliza. Kupepesa kwa Mayi Nankhoma kunali tiyi wa mkaka ndi masikono, ndipo kukhululuka kwa Che Jafali kunali kumwa tiyiyo atawonjezamo shuga. Nsalu ya amisala inabwerera pamalo pake. Sabata isanathe makani a suti anali atayambiranso, ndipo ine ndinagulitsa tomato wanga mtima uli m'malo.

A Kamtedza anabwereradi. Anachita lendi kumunsi, pafupi ndi kamtsinje kaja, n'kuyambiranso matabwa awo. Chaka chotsatira, mvula isanayambe, iwo ndi abambo a kutsidya anakhoma kamlatho ka matabwa ndi mitengo ya bulugama, kodutsa anthu ndi njinga basi. Kanakokoloka kamodzi, anakakhomanso. Sanalembepo dzina lawo. Che Jafali anatsetserekako tsiku lina ndi ndodo yawo, anakagwedeza, anayendapo kupita ndi kubwerera, n'kubwerera kumakina awo. Mnyamata wa chipani uja sanali woipa, anatikonzera zimbudzi za kumsika, koma zaka zake zitatha mtima unali pa uphungu. Pa chisankho chapitachi a Kamtedza anaimanso paokha, akulonjeza tinthu tochititsa manyazi kutitchula pamsonkhano: ngalande, zinyalala, ndi kukakhala pakhomo la khonsolo mpaka atopetse anthu.

Apa n'kuti Che Jafali akudwala. Shuga uja anadzawapeza, maso anayamba kuchita mdima, ndipo ulusi ndinkawalowetsera pasingano ndine. Tsiku lovota Abiti Saidi anawaletsa, iwo anakakamira, mpaka tinawakweza pa kabaza. Anthu a pamzere anawapatsa njira. Anakhalitsa m'kachipinda kaja moti tinayamba kuda nkhawa kuti mwina agweramo. Atatuluka, Mayi Nankhoma anawachingamira.

"Lero ndiye suti, eti Che?"

Anangokweza chala cha inki. "Ndayeza aliyense payekha, Amayi."

A Kamtedza anapambana, ngakhale sanamusiye patali wowatsatira. Che Jafali atamva anangoti tiona dzinja. Abiti Saidi akuti mpaka lero sadziwa kuti amuna awo anavotera ndani, chisankho chimenecho kapena china chilichonse.

Ndinakawaona komaliza atagona pamphasa, inki ija itatsetserekera kunsonga kwa chikhadabo. Anandifunsa ngati tomato wakwera mtengo, kenako ngati ngalande ya kumsika yatsegulidwa. Ndinati yatsegulidwa theka. Anafunsa ngati khansala wanena yekha kuti ndi theka. Ndinati eya, ananena pamsonkhano kuti mbali inayo sangaithe chaka chino, ndipo wina anawakuwiza. Che Jafali anatseka maso akumwetulira.

Anamwalira m'mawa, naikidwa tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, monga mwa chipembedzo chawo. Munthu amene anasoka moyo wake wonse anapita atakulungidwa mu nsalu yoyera yopanda msoko wa makina. A Kamtedza anabwera mu jekete yotuwa ija. Sanapemphe mpata wolankhula ngati mmene andale amachitira pamaliro, anangoyenda wapansi kumbuyo kwa jeneza, chonyamulira mtembo, mpaka kumanda. Ife amayi tinatsala pasiwa, ndipo Mayi Nankhoma, Mkhristu wa kutsogolo kumpingo kwawo, analamulira miphika ngati maliro a mchimwene wawo. Pamene tinkatsuka mbale anandinong'oneza, maso ali ofiira.

"Pa pulezidenti ndi phungu ndinavota za kwathu. Koma pa khansala ndinayeza."

Anandiuza kuti ndisauze munthu. Dzana ndinawafunsa ngati ndingalembe, anati lembani, utcheya ndinasiya, ndipo amene ndinkafuna kuti amve sindinamuuze ali moyo.

Makina anapita ku Mangochi ndi mdzukulu wawo amene akuphunzira kusoka. Pasimenti ya khonde patsala timaenje tinayi pamene panali miyendo ya makinawo, ndi banga la oyilo limene lakana sopo. Msomali umene ankakolekapo madiresi otha ulipo. Mayi Nankhoma akamasesa m'mawa amatolabe mapini m'ming'alu, n'kumawasunga m'kabotolo ngati mwini wake adzawafuna. Nsalu ya amisala Abiti Saidi anafuna kuitaya, koma Mayi Nankhoma anaipempha, ndipo ikulendewera pomwe paja, khutu apa, diso apo, yonse itasuluka.

Dzulo kunabwera bambo wina wokonza mafoni kudzafunsa malo. Ndinkayesa amubweza ngati ena aja, koma Mayi Nankhoma anamuyang'ana, nayang'ana khonde, n'kumuuza kuti aike tebulo lake mbali ya kuchitseko. Bamboyo anati pakona paja ndiye pabwino, pali mthunzi, ndipo anayamba kukokera tebulo komweko.

"Ayi, bambo," anatero Mayi Nankhoma. "Apo musiyepo malo. Tisadule ndendende."

Tebulo linabwerera kuchitseko. Pakona patsala simenti yokhayokha ndi timaenje tinayi, ndipo masana mthunzi wa chinsalu chija umagwera pomwepo. M'mawa uno, ndisanayale tomato, ndinacheukiranso kumanzere n'kupereka moni, ndipo ulendo uno ndinachita dala.